Chenjezo kwa Anthu a kwa Chiwalo: Wotsegula M'mimba Asagone M'nyumba

Mafumu athu, azibambo ndi azimayi, asodzi a pa Chilwa, amalonda a m'misika ndi achinyamata nonse a kwa Chiwalo, mvula yayamba ndipo nyengo ya kolera yafika. Munthu wamkulu kapena mwana akatsegula m'mimba mwamadzimadzi katatu kapena kuposa pa tsiku limodzi, muyambe kumumwetsa Thanzi ORS nthawi yomweyo, mumutengere kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu amve dzuwa lisanalowe. Musadikire kuti kuche kapena kuti mwinimbumba abwere kaye kudzalamula, chifukwa kolera amatha kupha munthu wamphamvu zake m'maola ochepa chabe.

Ife a kuno tiyenera kuchita mantha kuposa anzathu a madera ena chifukwa cha nyanja. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Chilichonse chimene mitsinje ya Phalombe, Sombani, Likangala ndi Domasi yakokolola kumtunda chimathera mommuno. Asodzi ambiri amakhala masabata angapo pa zimbowera, tinyumba toyandama pakati pa nyanja, pomwe palibe chimbudzi kapena mjigo, ndipo madzi amene amadzithandiziramo ndi omwewo amatunga kuti amwe ndi kuphikira. Kumapeto kwa 2015 kolera anabuka pa nyanjayi n'kukhudza maboma a Machinga, Zomba ndi Phalombe, ndipo asodzi anali m'gulu la odwala ambiri. Mu 2016 Unduna wa Zaumoyo ndi mabungwe monga Médecins Sans Frontières anachita kulondola asodziwo kumadoko ndi pa zimbowera ndi katemera wakumwa. Msodzi akatsika pa doko la Swang'oma n'kubwerera kwawo, kapena wogula matemba akakwera njinga kupita kumsika, kachilombo ka kolera kamatha kupita naye limodzi, ngakhale iye akuoneka bwinobwino. Anthu ambiri otenga kolera sadwala n'komwe, koma chimbudzi chawo chimakhala ndi tizilomboto kwa masiku angapo. Malire a Mozambique nawo ali pafupi, ndipo anthu amaoloka tsiku lililonse kukaona abale, kukalima ndi kukagula chimanga.

Tisaiwale msanga zimene zinachitika mu 2022 ndi 2023. Mu Marichi 2022 wodwala woyamba anapezeka ku Machinga, kutsidya kwa nyanja yomweyi, dziko likadali m'mabala a namondwe Ana. Mliriwo unafalikira m'maboma onse. Pa 5 Disembala 2022 Pulezidenti Lazarus Chakwera analengeza kuti kolera wafika poopseza umoyo wa dziko lonse, ndipo mu Febuluwale 2023 boma linakhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera. Anthu oposa 58,000 anadwala, oposa 1,700 anamwalira. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limati odwala akathandizidwa msanga, omwalira safika ngakhale mmodzi pa anthu 100 alionse. Kwathu kuno anali pafupifupi atatu pa 100. Chachikulu chimene chinakweza chiwerengerochi ndi kuchedwa, popeza ambiri ankafika kuchipatala madzi atatha kale m'thupi, ena ankafera panjira kapena kunyumba.

Chimbudzi cha wodwala kolera chimakhala choyererako ngati madzi otsukira mpunga, chimatuluka chambiri, kawirikawiri popanda kupweteka m'mimba ndiponso popanda kutentha thupi. Ichi n'chimene chimapusitsa anthu, amati poti sakumva ululu ndiye kuti sizinafike poipa. Kenako amayamba kusanza, maso amalowa m'kati, miyendo imakokana, khungu mukalitsina silibwerera msanga, mkodzo umasiya kutuluka ndipo mawu amachepa mphamvu. Chimene chimapha ndi kutha kwa madzi ndi mchere m'thupi. Munthu akamwa madzi kapena kudya chakudya chokhala ndi tizilomboto, zizindikiro zimatha kuoneka pakadutsa maola 12 okha, mwina mpaka masiku asanu.

Choncho mankhwala oyamba ndi madzi. Sungunulani paketi imodzi ya Thanzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, ndipo wodwala azimwa pang'onopang'ono osalekeza. Akasanza, dikirani mphindi khumi n'kuyambiranso. Ngati Thanzi palibe, thirani masupuni aang'ono asanu ndi imodzi a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa. Botolo la madziwo liyende ndi wodwalayo pa kabaza kapena m'bwato, azimwa njira yonse mpaka ku Nambazo, ku Holy Family, ku chipatala chachikulu ku Migowi, kapena kulikonse kumene kuli pafupi. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Makapisozi a pa golosale sabwezera madzi m'thupi, ndipo kachasu amangowonjezera vutolo.

Ambiri timaona alangizi a zaumoyo ngati anthu a sikelo ya ana ndi katemera basi. Ntchito yawo ina yaikulu ndi kulondera matenda. Mlangizi akamva za wotsegula m'mimba, amadziwitsa chipatala chaching'ono, chipatalacho chimadziwitsa ofesi ya zaumoyo ya boma la Phalombe, ndipo uthenga umafika ku Public Health Institute of Malawi ku Lilongwe. Chimbudzi cha wodwala chimayezedwa, ndipo munthu mmodzi yekha akatsimikizika kuti ali ndi kolera, a zaumoyo amautenga kuti ndi mliri. Apo m'pamene kolorini amabwera m'mudzi, chitsime chimene banjalo limamwa chimaunikidwa, a m'nyumbamo amayenderedwa, ndipo malo ogonekapo odwala amakonzedwa. Koma unyolo wonsewu umayambira pakamwa pa inu. Mlangizi mmodzi amayang'anira midzi ingapo, sangadziwe zochitika kuseri kwa chitseko chanu ngati simunamuuze. Banja likabisa wodwala masiku awiri, zovala zake zimakhala zitachapidwa kale pachitsime, ndipo a zaumoyo akamadzamva amapeza odwala m'nyumba khumi. Ngati mlangizi sakupezeka, imbani 929, nambala yaulere ya Unduna wa Zaumoyo.

Ndikudziwa chimene chimatseka anthu pakamwa. Ena amaopa manyazi, kuti anthu aziti pakhomo paja m'pauve. Ena amakhulupirira mphekesera zoti kumatenti a kolera anthu amakabayidwa kuti afe, ndipo pa mliri wa 2022 ndi 2023 uja m'madera ena a dziko lino anthu anafika pophwanya zipatala ndi kuthamangitsa anamwino. Zimenezi zimandiwawa kwambiri, chifukwa amene anafera m'matentimo ambiri anafika mochedwa, pamene mitsempha inali itafota moti ngakhale diripi inkavuta kulowa. Amene anafika msanga anatuluka akuyenda okha patangopita masiku ochepa. Kolera amagwira aliyense amene wamwa madzi oipa, kaya ndi mphunzitsi, m'busa kapena mfumu.

Nkhani ya maliro ndi yovuta, ndipo ndikuinena mwaulemu. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limakhalabe ndi tizilombo tochuluka. Amene alisambitsa n'kupita kukagwira mtanda wa nsima kapena kusamba m'manja m'beseni limodzi ndi anzawo amatha kudwalitsa mudzi wonse. Lolani a zaumoyo akonze thupilo ndi kolorini, maliro aikidwe mwachangu, ndipo pasiwa pasaphikidwe chakudya. Amfumu ndi adzukulu agwirizane zimenezi lero, imfa isanagwe, chifukwa kuyamba kukambirana anamfedwa ali m'misozi n'kumene kumabala mikangano.

Pakhomo, madzi onse akumwa athiridwe kolorini kapena WaterGuard, kachitsekero kamodzi ka WaterGuard mu ndowa ya malita 20, ndipo dikirani mphindi 30 musanamwe. Ngati mankhwalawa palibe, awiritseni mpaka abwadamuke. Ngakhale madzi a pamjigo amaipira kunyumba, pamene kapu imodzi ikuviikidwa mumtsuko ndi manja a aliyense. Sungani madzi m'chigubu chotseka. Namondwe Freddy wa mu Marichi 2023 anagwetsa zimbudzi zambiri m'boma lino, ndipo dothi la kufupi ndi nyanja silichedwa kugumuka madzi akakwera. Amene chimbudzi chake chinagwa akumbe china tsopano, achivindikire pabowo, aike mpondagiya ndi sopo kapena phulusa pakhomo pake. Chimbudzi cha mwana wakhanda chitayidwe m'chimbudzi, osati kudzala. Nsomba ziphikidwe mpaka zipse, chakudya chidyedwe chikadali chotentha, mango atsukidwe ndi madzi otetezedwa, ndipo thobwa losungunulidwa ndi madzi osadziwika kochokera lisiyeni. Katemera wakumwa akabwera kamulandireni, koma musasiye kuteteza madzi, chifukwa katemerayu sateteza kotheratu ndipo mphamvu yake imatha pakapita nthawi.

Khutu lomweli la mlangizi likufunikanso pa matenda ena. Mwana wosakwana zaka 15 akalobodoka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi, nenani tsiku lomwelo. Poliyo amene anapezeka ku Lilongwe mu Febuluwale 2022 anadziwika chifukwa mwana mmodzi anayezedwa. Ana akatuluka totupa thupi lonse, maso atafiira ndi thupi likutentha, chingakhale chikuku. Kukodza magazi ndi likodzo, ndipo mankhwala ake alipo kuchipatala. Mwana wotentha thupi akayezedwe malungo pasanathe maola 24.

Mafumu ndi anyakwawa, itanitsani msonkhano sabata ino, mlangizi wa zaumoyo akhalepo, ndipo khomo lililonse lopanda chimbudzi lilembedwe. A komiti ya padoko, bwato lisanyamuke kupita ku zimbowera lopanda chigubu cha madzi othira kolorini ndi mapaketi a Thanzi, ndipo msodzi akadwala pa nyanja, anzake asiye makoka amupalasire kumtunda. Abusa ndi mashehe, lengezani uthengawu Lachisanu, Loweruka ndi Lamulungu lino. Aphunzitsi, mwana akatsegula m'mimba kusukulu, musangomubweza kunyumba yekha. Mumwetseni Thanzi, muitane makolo ake ndipo muimbire mlangizi wa zaumoyo.