Madzi a m'chitsime asatidyere ndalama za mkaka

Alimi anzanga a ng'ombe za mkaka kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi, lero tikambirane poyera nkhani imene ambirife timangonong'onezana m'njira pochokera ku gulu. Nkhaniyi ndi ya madzi mumkaka.

Ine ndili ndi ng'ombe ziwiri zokama. Ndimadzuka tambala woyamba, kukama, kumangirira chigubu panjinga ndi kutsetsereka nacho mtunda wa kwathu kuti ndikafike kumalo osonkhanitsira mkaka dzuwa lisanatenthe. Tsiku lina m'chilimwe galimoto ya kampani yotigula inabwera, anyamata ake anatunga pang'ono m'thanki yathu, kuyeza ndi makina awo, nanena kuti mkakawo uli ndi madzi. Galimoto inabwerera yopanda kanthu. Mkaka wa masiku awiri wa gulu lonse tinangoutaya, wina kupatsa nkhumba. Mwezi umenewo fizi ya mwana wanga wa ku sekondale inaperewera. Amene anathira madzi sanadziwike mpaka lero, pamsonkhano tinangolozana zala ndi kudana chabe. Akuluakulu sananame kuti ikaola imodzi zaola zonse.

Mwina mufunsa kuti madziwo anadutsa bwanji pamene mlembi amayeza chigubu chilichonse. Paja pakhomo la gulu pamakhala mayeso awiri. Oyamba ndi osakaniza mkaka pang'ono ndi sipiriti pofuna kuona ngati wayamba kusasa. Achiwiri ndi a lakitomita, kagalasi kaja koyandama. Kagalasika kamangoyeza kulemera kwa mkaka. M'madzi okhaokha kamaloza 0, mumkaka wabwino kamaloza pakati pa 28 ndi 32. Munthu akathira lita imodzi ya madzi m'malita 9 a mkaka, nambala ija imatsika ndi 3, ndipo mlembi wochenjera amamugwira.

Vuto ndi lakuti kagalasika sikadziwa chimene chikulemeretsa mkakawo. Mafuta a mkaka ndi opepuka kuposa madzi, choncho wina akawengula mafuta nambala imakwera, akathira madzi imabwerera pamalo pake. Ena amathira madzi kenaka n'kusungunuliramo mchere kapena shuga kuti mkaka ulemerenso. Sindikuphunzitsa munthu kuba, akubawo anadziwa kalekale. Amene tatsalira ndi ife okhulupirikafe.

Ichi n'chifukwa chake ndikuti magulu athu ayambe kuyeza mkaka ndi zipangizo zamagetsi. Kagwiridwe kake ka ntchito n'kosavuta kumva. Mkaka ndi chinthu chosakanikirana: pa magawo 100 alionse, pafupifupi 87 ndi madzi achilengedwe, otsalawo ndi mafuta, zomanga thupi, shuga wa mumkaka ndi michere. Michereyi ndi imene imadutsitsa magetsi. Chipangizo chili ndi tizitsulo timene amaviika mumkaka, timatumiza magetsi ochepa kwambiri, ndipo pagalasi pamaoneka nambala yosonyeza mmene magetsiwo adutsira. Mkaka wothiridwa madzi umadutsitsa magetsi pang'ono chifukwa michere yasukuluka. Shuga sadutsitsa magetsi, ndiye wothira madzi ndi shuga anamiza lakitomita koma sanamiza tizitsuloti. Wothira mchere wokwanira kubweza kulemera kwa mkaka, nambala yake imalumpha kupitirira ya mkaka wabwino uliwonse.

Pali zipangizo zina zogwiritsa ntchito mafunde onga a wailesi. Mafundewa akadutsa m'madzi amachedwetsedwa kwambiri, pamene m'mafuta amangodutsa mosavutikira. Akatswiri amapereka nambala pa khalidwe limeneli: mpweya ndi 1, mafuta ali pakati pa 2 ndi 3, madzi ali pafupifupi 80. Kusiyana kwakukulu chonchi ndi kumene kumathandiza makina kudziwa kuchuluka kwa madzi ndi mafuta mu chinthu chosakanikirana. Makina ambiri apatebulo oyezera mkaka amayeza mafuta pogwiritsa ntchito mafunde a mawu osamveka ndi khutu, ndipo ena mwa iwo amabweranso ndi tizitsulo tamagetsi tija. Palibe chipangizo chimodzi chogwira chinyengo chilichonse, koma n'kovuta kuti wakuba akhutitse kulemera, mafuta ndi magetsi zonse nthawi imodzi.

Phindu lina ndi la m'khola mwenimweni. Ng'ombe ikayamba matenda otupitsa bere, mchere umachuluka mumkaka wa nsonga yodwalayo, nthawi zambiri bere lisanatupe kapena mkaka usanayambe mibulu. Pali kachipangizo ka m'manja koyendera batire kamene umakamiramo nsonga iliyonse payokha ndi kuyerekeza manambala anayiwo. Nsonga imene nambala yake yasiyana kwambiri ndi zinzake ndiye yofunika kuitanira alangizi a ziweto. Amene anataya bere la ng'ombe ya mtundu chifukwa chozindikira mochedwa akudziwa mtengo wake.

Ena anena kuti makinawa ndi odula. N'zoona, mlimi mmodzi sangagule. Koma mutu umodzi susenza denga. Gulu limene limadula kale kandalama pa lita iliyonse kulipirira magetsi a thanki ndi mlonda lingathe kusungirako pang'onopang'ono. Tiwerengere ndalama za thanki imodzi yokanidwa, tidzaona kuti kusagula ndiye kodula. Ena anena za kuzima kwa magetsi. Makina ambiri otere amayenderanso batire ya galimoto ya 12 volti, imene sola yaing'ono ingathe kudzaza.

Nkhawa imene ndikuivomereza ndi ya amene akuopa kuti makina adzasanduka sikelo ya mavenda. Ife a ku Mponela, Madisi, Mvera ndi Malomo tikudziwa mmene thumba la soya kapena mtedza limapepukira likangokoledwa pa sikelo ya munthu wobwera. Nambala yoonekera pagalasi si Baibulo. Makina akapanda kutsukidwa bwino mafuta amamatirira m'kati ndipo amayamba kunama. Kutentha nakonso kumasokoneza: mkaka ukafunda ndi digiri imodzi, kadutsidwe ka magetsi kamakwera ndi magawo pafupifupi 2 pa 100, choncho mkaka wongokama kumene ndi wozizira sungayerekezedwe pokhapokha makinawo atakonza okha kusiyanako.

Ndiye tikagula tigwirizane malamulo. Mkaka uziyezedwa mwini wake akuona, nambala ilembedwe m'kabuku kake pomwepo. Wokanidwa akhale ndi ufulu wopempha kuti ayezenso pamaso pa anthu awiri a komiti. Ng'ombe zimasiyana, ndiye amene nambala yake ikukayikitsa, komiti ikaonerere kukama kukhola kwake m'mawa mwake isanamutche wakuba. Makina aziyesedwa nthawi ndi nthawi pofananitsa ndi a kampani yotigula. Bungwe la Malawi Bureau of Standards, limene linakhazikitsidwa mu 1972 ndipo limayendera masikelo ndi mapampu a mafuta a galimoto, lipemphedwe kutithandiza pa zimenezi, ndipo bungwe lathu la alimi a mkaka m'chigawo chapakati la CREMPA ndilo loyenera kutilankhulira.

Chomaliza ndi mtengo. Malinga ngati lita ya mkaka wa mafuta ambiri igulidwa chimodzimodzi ndi lita yamadzimadzi, ndiye kuti tikulipira wothira madzi ndi kulanga amene amagula madeya ndi kudzala nsenjere. Makina akabwera, makampani asamangotikanira woipa, azitiwonjezeranso pa wabwino.

Fodya amatipatsa ndalama kamodzi pachaka, ng'ombe imatipatsa mwezi ndi mwezi. Pamsonkhano wa gulu ukubwerawu, wina aimirire ndi kuitula nkhaniyi. Kwathu kuno ndiimirira ndine.