Python Sayenda Yekha

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'kalasi mwanga, pali mkangano umene wanditopetsa. Wina akuti Python ndiye zonse, wina akuti C ndi Fortran nzachikale, zitayidwe. Ine ndikuti tikusocheretsa ana, chifukwa mapulogalamu akuluakulu ambiri salembedwa m'chilankhulo chimodzi.

Taonani NumPy. Mwana akalemba mzere umodzi wa Python kuti apeze mayankho a ma equation angapo nthawi imodzi, amene amawerengera si Python ayi. Iye amangoitana function ya mu LAPACK, laibulale imene inatuluka mu 1992 ndipo inalembedwa mu Fortran, chilankhulo chimene John Backus ndi anzake a ku IBM anatulutsa mu 1957. Ngakhale Python weniweniyo, amene ambirife timagwiritsa ntchito, analembedwa mu C. Ndiye wakale ndani pamenepa?

Vuto limakhala pamalire, pamene chilankhulo china chikupatsira chinzake katundu. Kuyambira mu 2006, Python amabwera ndi ctypes, chida choitanira ma function a C. Koma mukaiwala kuchiuza kuti yankho likubwera ndi nambala yokhala ndi desimo, chimangoganiza kuti ndi nambala yathunthu, n'kukupatsani yankho labodza osadandaula n'komwe. Chinanso, C amasunga tebulo la manambala mzere ndi mzere mopingasa, pamene Fortran amasunga motsika. Mukapatsira osasamala, tebulo limafika litatembenuka. Nanga memory imene C wabwereka, abweze ndani? Python amasesa zake zokha, za mnzake sazidziwa.

Nchifukwa chake ndikunena kuti mwana amene wangoloweza malamulo a chilankhulo chimodzi tamupatsa theka la maphunziro. Adziwe kuti byte nchiyani, nambala imakhala bwanji mu memory, ndiponso amene wabwereka malo ndiye ayenera kubweza.

Ndikudziwa ena munena kuti silabasi ndi yodzaza kale ndipo makompyuta ndi ochepa. Zoona. Koma phunziro ili limatheka ndi choko basi. Jambulani timabokosi pa bolodi, ikanimo manambala a tebulo limodzi m'njira ziwiri zija, ana aone okha pamene zasokonekera.

Inu ophunzira anga akale amene muli pa ntchito, musamanyoze pulogalamu chifukwa choti ndi yakale. Mwina ndi imene ikusenza katundu wanu yense.