Kamera zathu zikuona tiyi, malo ayi

Lowani pa Instagram mulembe kuti Thyolo. Mupeza tiyi wobiriwira, akwati ataima pakati pa mizere, nkhungu ya m'mawa ku Satemwa. Inenso ndinajambulitsapo, sindikana. Koma midzi yothithikana m'malire a maesiteti simuiona, chonsecho ili pomwepo kumbuyo kwa wojambulayo.

Izi zandibwerera nditaonera Nation Estate, filimu yaifupi yomwe Larissa Sansour anatulutsa mu 2012. Mayiyu anabadwira ku East Jerusalem mu 1973. Mufilimuyi Apalestina onse awalongeza m'nyumba imodzi yosanja: Jerusalem nsanjika yake, Bethlehem yakenso, ulendo wa mzinda wina ndi wa pachikepe. Malo atha pansi, basi kwerani m'mwamba. Umaseka, kenako kuseka kumakuthera. Mu 2011 anamuchotsa pa mpikisano womwe kampani ya Lacoste inkathandiza ku Lausanne chifukwa cha ntchito yomweyi, ndipo phokoso litakula mpikisano wonse unathera pomwepo. Dzina lake ndiye linamveka kuposa kale, mpaka mu 2019 anakaimira Denmark ku Venice Biennale.

Sindikuti Thyolo ndi Palestine, kuno sikugwa mabomba. Koma nkhani ya malo timaidziwa kuyambira nthawi ya thangata. Vincent Wandale wa People's Land Organisation (chidule chake PLO, taonani zinthu!) atalengeza kuti Thyolo ndi Mulanje ndi dziko palokha, ambiri tinangoseka. Sansour naye anadzala mbendera ya Palestine pamwezi mu A Space Exodus. Onse awiri analota dziko chifukwa lenilenilo lawachepera. Wina anathera kukhoti, wina kumaholo a zionetsero.

Aluso tili nawo. Samson Kambalu, yemwenso amapanga timafilimu ta Nyau Cinema, anaimika John Chilembwe pa Trafalgar Square mu 2022, atavala chipewa pafupi ndi mzungu John Chorley, zomwe atsamunda ankaletsa. Ndinanyadira. Komatu chibolibolicho chinaima ku London, ndipo mayi wothyola tiyi kuno sanachione, pokhapokha wina anamuonetsa pafoni.

Vuto si kamera, chifukwa mukuwerenga izi pa kamera. Chithunzi cha tiyi chimakopa alendo ndipo chili ndi wolipira. Cha banja lomwe likulima kadimba m'mphepete mwa msewu wopita ku Luchenza, sindinaonebe wochigula.