Kumudzi si kudzala

Mu March 2023, namondwe wa Freddy atakokolola nyumba ku Chilobwe ndi madera ena m'chigawo cha kummwera, kutchalitchi kwathu analengeza kuti aliyense abweretse chomwe angathe. Anthu oposa 500,000 anali atasowa pokhala, ambiri akugona m'makalasi. Ine ndinali m'gulu la achinyamata omasula majumbo ndi kusankha katunduyo. Tinagwira masiku atatu.

Zabwino zinalipo, sindinama: ufa, sopo, zitenje zatsopano. Koma theka la muluwo linali manyazi okhaokha. Nsapato ya gogoda imodzi yopanda inzake. Kabudula wamkati wong'ambika, wosachapa n'komwe. Simbi yopanda chingwe. Bulangete lonunkha nkhungu. Kalendala ya 2019. Munthu nyumba yake yapita ndi matope, iwe ukumutumizira kalendala yakutha, eti aziwerenga chiyani?

Ndinene mosapsatira: ambirife sitipatsa, timataya. Tangopeza dzala lomwe limanena zikomo.

Ndisaloze ena okha chala. Kwathu pamwamba pa wadirobu pamakhala chikwama chomwe timachitcha "cha kumudzi". Chilichonse chomwe chatitopetsa chimalowa mmenemo. Chaka china ndinaikamo ketulo yamagetsi yakupsa ndi majinzi anga othina, n'kupita nazo kwa azakhali. Kumudziko magetsi kulibe. Azakhali anawomba m'manja, kuthokoza mpaka ine kudzimva ngati bwana. Nditabwererako pa Khirisimasi ndinapeza jumbo lija pansi pa bedi, mmene ndinamangira muja. Nditafunsa anaseka. "Nanga ndikanakana bwanji, mwanawanga? Koma ukanandifunsa ndikanati ndowa. Yangayi ikudontha." Ndowa! Kwathu tinali ndi ziwiri zongokhala kuseri kwa bafa.

Masiku ano pa TikTok ndi Instagram padzaza makanema a anthu akuchotsa katundu m'nyumba, ena akutsatira Marie Kondo wa ku Japan uja, amene pulogalamu yake inatchuka pa Netflix mu 2019. Chipinda chimawala, kabati imapuma. Palibe vuto. Koma kanema amathera pamene jumbo latuluka pakhomo. Komwe likukagwera palibe amajambula. Kwa ife likukagwera kwa anti ogwira ntchito pakhomo, kwa alonda, kwa msuweni wakumudzi, anthu omwe sangayerekeze kunena kuti ayi.

Chondiseketsa n'choti ife tomwe timadandaula za kaunjika. Timati azungu atisandutsa kotayirako zovala. Komatu pamsika umatola, kutembenuza, kuona m'khwapa, n'kubweza ngati sichinakusangalatse. Azakhali anga mwayi umenewo sindinawapatse.

Ndikudziwa zomwe mukufuna kunena. "Wosowa sasankha." "Kumudzi amakonza chilichonse." Inde amakonza, chifukwa chosowa pogwira. Koma kukonza kumafuna ndalama. Zipi yatsopano kwa telala ndi ndalama, kusoketsa nsapato ndi ndalama. Mukapereka chinthu chakufa mwapereka ngongole. Ndipo amene amati wosowa sasankha nthawi zambiri ndi amene sanasowepo.

Ndiye tizingounjika? Ayi ndithu. Kuunjikako ndiye gwero la vuto. Malaya timawasunga zaka zisanu tikuti tidzachepa thupi, njenjete n'kudya, kenako ndi pamene timakumbuka abale. Mbale za m'kabati zikudikira alendo omwe sanabwerepo chikwatirane makolo athu. Chinthu chiperekeni chikadali ndi moyo, pamene mtima ukukuwawaniko pang'ono pochitulutsa. Ngati simukumva kalikonse, mwina ndi chinyalala.

Mmene ndimachitira tsopano n'zosavuta. Ndimajambula chinthucho, kutumiza pa WhatsApp ya banja, n'kufunsa kuti alipo akuchifuna? Pakakhala zii, ndiye kuti yankho ndalimva. Chovala ndimachapa, kusita, kubwezera batani. Chakufa ndimachitchula kuti n'chakufa, pakuti nachonso chili ndi eni ake: ogula zitsulo zakutha amayenda m'makwalalamu, okonza mawailesi amafuna masipeya, sanza zimakolopa. Chotsala pamenepo n'changa, ndikataye ndekha. Ndisamutume munthu wosauka kuti akanditayire, iye n'kundithokozanso.

Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Timakonda kuutchula mwambiwu tikamapereka, koma taumvetsetsani. Chomwe waika n'chomwe udzachipeze. Namondwe safunsa kuti kuno n'ku Chilobwe kapena ku Namiwawa. Tsiku lomwe mudzagone pasimenti m'kalasi, mwana akunjenjemera pambali panu, wina n'kukupatsirani jumbo, mukufuna mudzapezemo chiyani?

Tsitsani chikwama chili pamwamba pa wadirobucho, muchikhuthule pabedi. Chomwe simungapatse mnzanu wa kuntchito maso muli gwa, musapatse azakhali anu.