Ntchito za kafukufuku wa zakuthambo zachuluka ku South Africa, koma mayiko anzake akadadikira

CAPE TOWN — Sukulu zaukachenjede za ku South Africa zakhala zikulemba akatswiri a mtundu womwe unali wosowa m'chigawo chino zaka makumi awiri zapitazo: odziwa kupanga masensa, zipangizo zotola mafunde ofooka kwambiri, ndiponso olemba ma algorithm, omwe ndi ndondomeko za masamu zimene kompyuta imatsata posanthula zomwe masensawo atola.

Gwero la ntchitozi lili m'chipululu cha Karoo, kufupi ndi tauni ya Carnarvon. Kumeneko kuli MeerKAT, makina omvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo, omwe adatsegulidwa mu 2018 ndipo ali ndi madishi 64. Makinawa adzakhala gawo la Square Kilometre Array, kapena kuti SKA, yomwe mu 2012 adagamula kuti imangidwe ku South Africa ndi ku Australia. Kumanga kudayamba mu 2022.

Dishi palokha silionetsa kanthu. Mafunde ochokera ku milalang'amba yakutali amafika atafooka kotero kuti chipangizo chowalandira chimayenera kuzizilitsidwa kwambiri kuti kutentha kwake komwe kusawaphimbe. Akatoledwa, amakhala atasakanikirana ndi phokoso la mafoni, ndege ndi masetilaiti. Nyumba ya malamulo ya South Africa idakhazikitsa lamulo loteteza derali ku phokosoli mu 2007, koma lamulo la dziko limodzi silifika kwa masetilaiti odutsa kumwamba, omwe akuchulukirachulukira. Yotsala ndi ntchito ya masamu: kupatula phokoso, kukonza zolakwika za dishi lililonse, ndi kulumikiza zonse kuti zitulutse chithunzi chimodzi. N'chifukwa chake Rhodes University ku Makhanda idatsegula mu 2012 nthambi yoona za luso limeneli, ndipo mu 2015 sukulu zingapo, kuphatikizapo University of Cape Town ndi University of the Western Cape, zidapangira limodzi bungwe la IDIA losanthula zotoledwazo.

Mayiko ena asanu ndi atatu a mu Africa ali m'mgwirizano wa SKA: Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique, Namibia ndi Zambia. Kuchokera mu 2015, pulojekiti ya DARA, yotsogozedwa ndi University of Leeds ya ku Britain, yaphunzitsa achinyamata a m'mayikowa, ndipo Ghana idasandutsa dishi lakale la mtokoma ku Kuntunse kukhala la kafukufuku mu 2017.

Pamene pagona vuto m'pakuti maphunziro adatsogola, ntchito n'kutsalira. Wachinyamata wa ku Lusaka kapena Maputo akamaliza digiri yake yapamwamba, mwayi wapafupi umakhala ku Cape Town, ku Makhanda kapena kutsidya kwa nyanja, ndipo kawirikawiri ndi wa kontirakiti ya zaka ziwiri kapena zitatu. Akabwerera kwawo amapeza ntchito yophunzitsa makalasi odzaza, popanda makompyuta amphamvu kapena thumba la kafukufuku. Mabanki ndi makampani a mafoni nawonso amamufuna, pakuti wodziwa kutola uthenga wofooka pakati pa phokoso angathenso kugwira akuba pamakina a ndalama, ndipo malipiro ake kumeneko ndi ena.

Ku Lagos mu 1980, atsogoleri a mu Africa adagwirizana zoika gawo limodzi mwa magawo 100 a chuma cha dziko lililonse pa sayansi ndi luso. Ngakhale South Africa, yomwe ili patsogolo m'chigawo chino, sidafikebe pamenepo.