Mlenje wa machesi wachotsa galu ntchito

Anzanga okonda zolemba, sabata ino ndikufuna tikangane za galu. Musaseke. Ndikudziwa kuti kwathu kuno dzina la galu timalitchula kwambiri potukwana. Koma pitani kwa Dambe, kumtunda kwa boma la Neno, mwezi wa Seputembala kapena Okutobala, mukaime panja usiku n'kuyang'ana kumapiri. Mudzaona mizere ya moto ikukwawa mpaka mbandakucha. Kukacha mudzakumana ndi anyamata atanyamula zibonga ndi makasu, agalu khumi a nthiti zokhazokha akuwatsata, m'thumba muli kalulu mmodzi ndi mbewa zingapo. Phiri lonse lapsera ndiwo za tsiku limodzi. Anyamatawa amadzitcha alenje, ine ndikukana. Munthu woyatsa tchire kuti nyama ituluke waulula yekha kuti galu wake sadziwa ntchito, ndipo galu sadziwa ntchito chifukwa mbuyake sanamuphunzitse.

Nkhaniyi si ya kwa Dambe kokha. A ku Dedza, a ku Ntchisi, a ku Mzimba, utsi womwewu mukuudziwa. Ndatchula kwa Dambe chifukwa kumeneko zimene zimapsa n'zooneka ndi maso. Ndi dera la mapiri a Kirk Range, loyandikana ndi Mozambique, kumene anthu amadalira mbatatesi, tirigu ndi zipatso. Moto wa mlenje sudziwa malire a munda. Umadya udzu umene mayi wamasiye amayembekeza kufolera nyumba yake mvula isanagwe, umadya ming'oma ya njuchi, umawaula mitengo ya manachesi, umapha timitengo tongophukira. Mvula yoyamba ikagwa pa lupsa, dothi limakokoloka n'kutsikira mu Lisungwi ndi mu Mkulumadzi, mitsinje imene imakathira mu Shire kumtunda kwa Kapichira, komwe matope amasautsa opanga magetsi. Ndiye inu a ku Ndirande ndi a ku Area 25, musamati za agalu a kumapiri sizikukukhudzani.

Mukawafunsa anyamatawa, yankho lake ndi limodzi: n'chikhalidwe chathu, makolo ankasaka chonchi. Apa ndiye pamandipsetsa mtima, chifukwa makolo akunamiziridwa. Inde ankatentha tchire, koma si mwana aliyense wokhala ndi moto m'manja amene ankayatsa. Uzimba unali ndi eni ake. Mfumu inkalengeza tsiku, akuluakulu ankasankha tchire, ndipo kumanda ndi ku nkhalango za nsembe moto sunkaloledwa kufikako. Wobaya nyama poyamba ankadziwika, womalizitsa ankadziwika, gawo la mfumu linkadziwika. Ku phiri la Bunda ku Lilongwe, kutentha tchire unali mwambo wa pachaka wotsogoleredwa ndi osunga kachisi wa mvula, nkhani imene Bambo Matthew Schoffeleers anaifufuza n'kuilemba. Moto unali ndi nthawi yake ndi ouyang'anira ake. Zimene tikuona lerozi ndi chipwirikiti chabe chimene chabwereka dzina la mwambo.

Inu alembi mukuikumbukiranso nthano ya pa Kaphirintiwa. Munthu atapeka moto tchire linayaka, nyama zinathawa zili ndi mkwiyo, Chauta naye anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Galu ndi mbuzi ndiwo anathawira kwa munthu. Mwamva? Galu anabwera kwa ife pothawa moto. Lero galu yemweyo tikukamuimika m'mbali mwa moto kuti azidikira nyama yotuluka itapsa kale ubweya. Ntchito imeneyo chibonga chokha chingaithe, mphuno ya galu sifunika pamenepo.

Tamvani tsopano za kwa anzathu, osati kuti tiwatengere zonse ayi, koma kuti tichiteko manyazi. Ku America ndi ku Canada kuli bungwe lotchedwa NAVHDA, limene linayamba mu 1969, la anthu ophunzitsa agalu osaka odziwa ntchito zambiri. Galu mmodzi yemweyo azifufuza nyama ndi mphuno, akaipeza aime njii kuloza pamene yabisala osailumphira, azilondola nyama yovulala, azikatenga mbalame yogwera m'madzi n'kuipereka m'manja mwa mbuyake osaidyako. Bungweli lili ndi nthambi m'madera. Mamembala amalipira ndalama ya pachaka, amakhala ndi masiku okumana kuphunzitsa agalu, odziwa n'kumawongolera atsopano. Kagalu kosapitirira miyezi 16 kamayesedwa luso lobadwa nalo, pamene wamkulu amayesedwa ntchito yonse pamodzi ndi kumvera. Chondisangalatsa n'chakuti pa mayesowa agalu sapikisana okhaokha. Oweruza amayesa galu aliyense ndi muyeso umodzi wolembedwa, kotero tsiku limodzi onse angathe kukhoza kapena onse kulephera. Nzeruyi anaitengera ku Germany, kumene mgwirizano wa mabungwe oyesa agalu osaka unakhazikitsidwa mu 1899. Chachikulu pa zonsezi n'choti nyama yolasidwa isakafere kutchire pachabe chifukwa chosowa galu woilondola.

Wina anena kuti amenewo ndi agalu a mtundu wapamwamba, a kwathuwa ndi alokolo. Mawu amenewa amachokera kwambiri kwa a m'tauni amene amagula German Shepherd pa mtengo wa mbuzi zingapo, n'kumutsekera m'kakhola usana wonse, mpaka galu osalidziwa ndi dzina lake lomwe. Galu wa kwa Dambe uja, wa makutu osongoka ndi mchira wopindika, amakwera mapiri tsiku lonse, amapirira dzuwa ndi nkhupakupa, amakhala moyo ndi mkute wa nsima. Ku South Africa galu wa m'midzi wofanana ndi yemweyu anamupatsa dzina loti Africanis, ndipo mu 1998 anakhazikitsa bungwe lomusamalira. Ife tikumugenda miyala. Galuyu akusowa mphunzitsi basi. Ena mwa eni ake amaganiza kuti kuphunzitsa galu ndiko kumumana chakudya kuti akasake ndi njala, kapena kumusakanizira mavu ndi chamba m'nsima kuti azikalipa. Mapeto ake ndi galu woluma ana opita kusukulu, wogwira nkhuku za aneba, amene akagwira kalulu amathawa naye kukadyera kutchire. Pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe pali agalu amene amanunkhiza minyanga ya njovu ndi mamba a ngaka zobisidwa m'katundu. Amenewo sanabadwe akudziwa minyanga. Munthu anakhala nawo tsiku ndi tsiku, moleza mtima, mpaka anadziwa.

Ndiye ndikunena poyera: kwa Dambe, ndi kwina kulikonse kumene anthu amaweta agalu osaka, kukhale makalabu a eni agalu. Kalabu si chinthu chachilendo kumudzi. Alimi ali nawo, amayi ali ndi banki m'khonde. Anthu amadziwa kusankha wapampando, mlembi ndi msungichuma, amadziwa kulipiritsa chindapusa wochedwa kumsonkhano. Chovuta n'chiyani kuti eni agalu achite chimodzimodzi pansi pa nyakwawa ndi gulupu wawo?

Umembala usakhale wa aliyense wobwera ndi galu pachingwe. Lamulo loyamba, galu abayidwe katemera wa chiwewe chaka chilichonse, ndipo mlembi alembe m'kope dzina la galu, mwini wake ndi tsiku lobayira. Apa palibe nthabwala. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pachaka, ambiri mu Africa ndi mu Asia, ndipo pafupifupi onsewo amachitenga kwa galu. Zizindikiro zikangoyamba kuoneka, munthu sachira. Akatswiri amati mukabaya agalu 70 mwa 100 alionse m'dera, matendawa amasiya kufala, ndipo ndiyo ntchito imene a Mission Rabies akhala akugwira ku Blantyre kuyambira 2015. Galu wosaka ndiye ali pangozi kwambiri, chifukwa amalumana ndi nkhandwe ndi agalu a m'midzi ina, ndipo kwa Dambe galu sadziwa kuti apa ndi Malawi, apo ndi Mozambique. Taganizirani mwana wolumidwa kumapiri kuja nthawi ya dzinja, msewu wopita ku Neno boma uli matope okhaokha. Membala aliyense adziwe kuti bala la galu limatsukidwa ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, kenako wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Mlangizi wa ziweto akabwera ndi katemera, apeze agalu atasonkhanitsidwa kale ndi kalabu, asamakhale yekha pabwalo ngati wogulitsa malonda osayenda.

Lamulo lachiwiri, woyatsa tchire achotsedwe m'kalabu ndipo dzina lake likaperekedwe kwa mfumu. Lachitatu, munthu akhale ndi agalu okhawo amene angathe kuwadyetsa, pakuti awiri okhuta ndi omvera amaposa khumi anjala. Lachinayi, nkhalango zotetezedwa ngati ya Tsamba m'boma lomweli, ndiponso Majete kumunsi uko, galu wa membala asapondeko.

Nanga kalabuyo izichita chiyani? Loweruka masana, pabwalo la mudzi, madala amene anasakapo ndi agalu enieni aziphunzitsa anyamata. Mmera mpoyamba. Kagalu kaphunzire kubwera kakaimbiridwa likhweru, kuima kakauzidwa, kuyenda pachingwe, kudutsa pakati pa mbuzi ndi nkhuku osazithamangitsa. Kenako kaphunzire kulondola: mukoke chikopa pansi kamtunda ndithu, muchibise, kagalu kachipeze ndi mphuno n'kuchibweretsa. Kamodzi pachaka pakhale mayeso pamaso pa mudzi wonse, oweruza achokere kumudzi wina kuti pasakhale zokondera. Galu wotere ali ndi ntchito chaka chonse. Azipirikitsa anyani ndi apusi m'chimanga, aziuwa nguluwe zikalowa m'mbatatesi usiku, azigwira ntchenzi zimene zikudula mbewu kudimba, azilondola mbuzi yosochera kapena yobedwa. Mlimi amene amagona m'chilindo kulondera munda wake angakane kupereka chitini cha chimanga kuti galu wa kalabu amuthandize?

A zachilengedwe, ndikukumvani mukung'ung'udza kuti kalabu ya alenje ndi kalabu ya opha nyama mozembera. Taonani bwino. Lamulo loteteza nyama zakutchire limaletsa kale kusaka ndi moto, limaletsa kupha nyama zotetezedwa popanda chiphaso, ndipo chilikhwimitsireni mu 2017, munthu wopezeka ndi ngaka kapena minyanga angathe kukhala m'ndende mpaka zaka 30. Nanga mapiri asiya kupsa? Lamulo lili m'buku ku Lilongwe, machesi ali m'thumba kwa Dambe. Mnyamata amene dzina lake mulibe m'kope lililonse saopa kanthu. Amene ali ndi kalabu yomudziwa, galu wokhoza mayeso ndi mbiri yoti aiteteze, amayamba wadzifunsa asanayatse. Komanso pa kalabu ndi pamene mlangizi wa zankhalango angawapeze anyamatawa ali pamodzi n'kuwauza kuti galu akapeza ngaka, mumukoke, muisiye ipite. Lero mlangiziyo akawapeza kuti? Amangoona utsi.

Enanso mumati agaluwa angophedwa basi, nkhani ithe. Zimenezo zinayesedwa m'maiko ambiri ndipo chiwewe sichinathe, chifukwa mukapha galu wobayidwa katemera, mwini wake amakatenga kagalu kena kosabaya. Mwachotsa mpanda n'kusiya khomo lili pululu.

Wina adzati, aise, iwe ukulemba uli wokhuta, ifetu tikufuna ndiwo. Njala ndi yeniyeni, sindikuinyoza. Koma tawerengerani nokha. Mbali iyi muike kalulu mmodzi wogawana anthu asanu, mbali inayo muike mitolo ya udzu, uchi, bowa ndi nkhuni zimene phiri lomwelo likanapereka. Ndipo chaka ndi chaka nyama zikucheperachepera, chifukwa moto susankha, umapha ana a nyama ndi zisa za mbalame zomwe. Kafunseni agogo a kumudzi kwanu kuti gwape anamuona liti komaliza pafupi ndi mudzi. Mlenje wa machesi akudya ndi ndiwo za mawa zomwe, ndipo amene adzagone ndi njala ndi mng'ono wake.

Mafumu a kwa Dambe, nkhani iyi sikufuna pulojekiti kapena galimoto ya bungwe. Ikufuna bwalo, kope, cholembera ndi mawu anu. Makolo anu ankalengeza tsiku la uzimba, inu lengezani tsiku la katemera ndi tsiku la mayeso a agalu, ndipo woyatsa phiri aweruzidwe pabwalo lomwelo.

Nanunso alembi anzanga simupulumuka. Ndakatulo zolira mitengo talemba zokwanira. Madala amene amadziwa kuitana galu ndi likhweru, kuwerenga mapazi a nyama pamame, kusiyanitsa kuuwa kwa galu woona nguluwe ndi kwa galu woona munthu, atsala owerengeka. Paja galu wamkota sakandira pachabe. Mukapita kumudzi tchuthi chikubwerachi, khalani nawo pansi, mulembe zimene akudziwa, mulembenso mayina okuluwika amene ankapatsa agalu awo pofuna kulasa mneba ndi mawu. Zimenezo ndizo zidzakhale buku lophunzitsira m'makalabu amenewa.

Amene mukutsutsa, tsutsani, bwalo ndi lanu. Koma ngati kwanu kuli galu, muyambe mwayankha mafunso awiri awa: anabayidwa liti, ndipo mukamuitana amabwera?