"Ndili bwino" salowetsa munthu m'nyumba ya khonsolo

Lamulungu lapitali titaweruka kutchalitchi, tili pa tiyi ndi mandasi, mayi wina amene timapemphera naye anandikokera pambali n'kunditambasulira foni. "Achimwene, tandionereni apa. Akuti ndili nambala 214. Ndiye kuti chiyani?"

Mayiwa kwawo ndi ku Ntcheu, koma atha zaka 13 kuno ku England akugwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo mapepala awo ndi olongosoka. Amakhala ndi ana atatu m'kanyumba ka lendi ka chipinda chimodzi pamwamba pa shopu. Mnyamata wamkulu, wa zaka 14, amagona pa sofa pabalaza, m'mawa n'kupinda zofunda zake kuti anzake apeze pomwera tiyi. Khoma la kuchipinda linada ndi nguwi, ndipo kamwana kamng'ono kali ndi mphumu. Nambala ija inkatanthauza kuti pa nyumba ya zipinda zitatu imene khonsolo inalengeza sabata imeneyo, mabanja 213 anali patsogolo pawo.

Ndinawapempha kuti tione fomu imene analemba zaka ziwiri zapitazo. Pa funso lakuti kodi alipo m'banjamo amene nyumbayo ikumudwalitsa, anayankha kuti palibe. Pa funso lakuti nyumbayo ili bwanji, anayankha kuti ili bwino.

"Nanga bwanji, mayi?"

"Aa, achimwene, munthu n'kumakayala mavuto ako pamaso pa anthu osawadziwa? Angati ndine wosayamika."

Sindinawaseke, chifukwa tonse tinaleredwa choncho. Mmalawi ali pamphasa, malungo atamugwetsa, ukamufunsa amayankha kuti "ndili bwinoko, kaya inu". Ndi ulemu wabwino, ndipo pakati pathu umagwira ntchito chifukwa wofunsayo ali ndi maso, amaona yekha kuti zinthu sizili bwino. Koma fomu ya khonsolo ilibe maso. Imakhulupirira zimene mwaiuza basi.

Kuti mumvetse, muyenera kudziwa mmene nyumbazi zimagawidwira. Lamulo la nyumba la 1996 limalamula makhonsolo a ku England kuti aziika patsogolo magulu ena a anthu: osowa pokhala, okhala mothithikana kapena m'nyumba zoika moyo pachiswe, ofunika kusamuka chifukwa cha matenda kapena ulumali, ndi amene angavutike atapanda kusamukira dera linalake. Makhonsolo ambiri amawasanja anthuwa m'magulu otchedwa band, kawirikawiri kuyambira A mpaka D. Wa mu A ndiye amene moto wamufika pakhomo. Anthu awiri akakhala gulu limodzi, amayamba ndi amene analowamo kale. Kugona pakati n'kuyambirira. Mayi athu aja anaikidwa mu C chifukwa khonsolo inawerenga yokha mitu ndi zipinda n'kuona kuti athithikana. Za nguwi ndi mphumu sinamve, poti sinauzidwe.

Kenako pamabwera chimene anzathu kuno amati kubida. Sabata iliyonse khonsolo imaika pa intaneti nyumba zimene zatsala zopanda anthu, zake zomwe komanso za mabungwe a nyumba osafuna phindu: chithunzi cha kunja, zipinda zingati, lendi yake, ndi amene akuloledwa kuifuna. Inu mumadina pa imene mwaikonda, m'madera ambiri osapitirira zitatu pa sabata. Njira imeneyi inayambira mumzinda wa Delft ku Netherlands, ndipo inafala ku England kuchiyambi kwa zaka za m'ma 2000. Kale wa ku ofesi ndiye ankakusankhirani nyumba, inu n'kungolandira kalata.

Nditangomva mawu akuti kubida ndinakumbuka okushoni ya fodya ku Kanengo, kumene belo limapita kwa amene watchula mtengo wokwera. Kuno palibe ndi tambala yomwe imene mumatchula. Chimene chimakwezedwa pa okushoni imeneyi ndi mavuto anu, ndipo amene ake alemera kuposa a anzake ndiye amatenga makiyi. Tsono wobisa mavuto ali ngati mlimi amene wafika ku okushoni mabelo atawasiya kunyumba.

Koma mavutowo salandiridwa pakamwa. Amafuna pepala: makalata a kuchipatala osonyeza kuti mwana wagonekedwa kangati, mndandanda wa mankhwala ake, zithunzi za khoma, zikalata za kubadwa kwa ana, mastetimenti a kubanki, umboni wa kumene mwakhala zaka zapitazi. Ngati nyumba ya landilodi ili ndi chinyontho, khonsolo yomweyo ili ndi nthambi ya zaumoyo imene ingabwere kudzaiyendera, ndipo lipoti lake limalemera kuposa misozi. Akakuikani m'gulu limene mukuona kuti si loyenera, muli ndi ufulu wopempha kuti aunikenso, nthawi zambiri pasanathe masiku 21. Zinthu zikasintha, mwina mwana wabadwa kapena matenda akula, mumawauza nthawi yomweyo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Mbali inayo nayonso ili ndi dzenje. M'magulu athu a WhatsApp simusowa katswiri wolangiza kuti "ingolembani mwana wa mchemwali wanu ngati wanu", kapena "nenani kuti bambo anachoka" pamene bambowo ali pomwepo akudya nsima. Lamulo lomwe lija la 1996 limati kunama pa fomu imeneyi ndi mlandu, ndipo nyumba yopezeka mwachinyengo ikhoza kulandidwa ngakhale mutakhalamo kale. Kwa ife amene tikuyembekeza kudzapempha unzika, mlandu wotere ukhoza kudzatitsatira mpaka kumeneko. Ndipo amene akuuzani kuti ali ndi munthu wake mkati, mungomupatsa kangachepe, mudziwe kuti ndalama yanu yapita.

Pali khomo linanso limene ambiri sitidutsa n'komwe. Amene anabwera pa visa ya ntchito kapena ya sukulu, chilolezo chawo chimanena kuti saloledwa kulandira thandizo la boma, ndipo nyumba ya khonsolo ili m'gulu la thandizo limenelo. Abale athu ambiri amene anabwera kudzasamalira okalamba visa ya ntchitoyi itatsegulidwa mu 2022 ali pamenepa. Mpaka atapeza chilolezo chokhazikika, mzerewu si wawo. Ngakhale wokhazikikayo, kuchokera pa lamulo la 2011 khonsolo iliyonse ili ndi mphamvu yodziikira malamulo a amene angalembetse. Ambiri amafuna kuti mukhale mutatha zaka ziwiri m'dera lawo, ena zisanu, ndipo ena a mu London anafika pa khumi. Ife timakonda kusamukasamuka potsata mashifiti, lero Leicester, mawa Luton. Kusamuka kulikonse kukhoza kukubwezerani kumchira.

Sindikufuna kuwanamiza mayi aja, kapena inu, kuti kulemba bwino fomu ndiye kuti makiyi afika. Ku England kokha mabanja oposa 1.3 miliyoni ali pa mzere. Sizinali choncho nthawi zonse. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itatha, lamulo la 1919 limene anatsogolera Christopher Addison linapatsa makhonsolo udindo ndi ndalama zomangira anthu nyumba. Ku Becontree kokha, kum'mawa kwa London, kunamangidwa nyumba zoposa 25,000. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, pafupifupi banja limodzi mwa atatu alionse ku Britain linkakhala m'nyumba ya khonsolo. Mu 1980 boma la Margaret Thatcher linapatsa okhalamo ufulu wogula nyumbazo pa mtengo wotsitsidwa kwambiri. Kwa amene anagula chinali chimwemwe, ndipo sindiwadzudzula, ndani akanakana? Koma nyumba pafupifupi 2 miliyoni zinachoka m'manja mwa makhonsolo a ku England, ndipo zomangidwa m'malo mwake zinali zochepa zedi. Scotland inathetsa kugulitsaku mu 2016, Wales mu 2019. Zambiri mwa nyumba zogulidwa zija lero zili ndi malandilodi, amene amazichititsa lendi pa mtengo umene mayi athu sangaufike.

Ndikunena izi chifukwa mzere ukatalika anthu amayang'ana wa pambali pawo. Mumamva pa wailesi kuti alendo ndiwo akutha nyumba, chonsecho ziwerengero za boma zimasonyeza kuti mwa nyumba khumi zilizonse zogawidwa, pafupifupi zisanu ndi zinayi zimapita kwa nzika za dziko lino. Mawu oterewa amatilowa mumtima, n'kutichititsa manyazi kupempha chimene lamulo limatilola. Mayi amene wakhala zaka 13 akusambitsa makolo a eni dziko, akudulidwa msonkho mwezi ndi mwezi, sakupempha chifundo akalemba kuti mwana wake akubanika.

Tsiku lija ine ndi mayi aja tinakhala pansi m'holo ya tchalitchi mpaka osesa atayamba kutiyang'ana. Tinalemba zonse monga zilili, osawonjezera, osachotsera: usiku umene ambulansi inabwera, malaya a sukulu amene amatuluka m'kabati akununkha chinyontho, mnyamata amene amalembera homuweki pa masitepe. Ndinawachenjezanso kuti nyumbayo ikadzapezeka kawirikawiri imabwera ili mbee, yopanda kapeti, makatani kapena chitofu, ndiye ayambe kusunga pang'onopang'ono. Komanso kuti asabide pa nyumba imene sangakhalemo, chifukwa makhonsolo ena ukakana kawiri kapena katatu amakutsitsa.

Atawerenga zimene tinalemba anakhala chete kanthawi, kenako anati, "Ndiye ndine ameneyu?" Ndinati ndinu, mayi. Anadina potumizira.

Yankho silinabwere, ndipo mwina litenga masabata. Potuluka tinakumana ndi abusa pakhomo. "Muli bwanji, mayi?" Iwo, akugwada pang'ono: "Ndili bwino, abusa, kaya inu." Sindinawaletse. Pamenepo mpake, abusa ali ndi maso.